Khutu Lidatsogola, Galamala Idatsata: Mbiri ya Kaphunzitsidwe ka Zilankhulo Zachilendo

Pali dandaulo lina limene timalimva kaŵirikaŵiri pakati pa ansembe ndi aseminale. Akuti munthu adaphunzira Chilatini zaka zinai kapena zisanu, adaloŵeza mizere yonse ya maina ndi aneni, mayeso adapambana, koma lero atampatsa tsamba limodzi la Augustinus Woyera sangaliŵerenge popanda dikishonale pambali pake. Dandaulo lomwelo timalimvanso pa Chifalansa cha ku sekondale, ndiponso pa Chingerezi cha ana ambiri a m'midzi mwathu. Ena amati anyamata a makono ngaulesi. Ena amati aphunzitsi adataya njira yakale, yoyamba ndi malamulo a galamala ndi kumasulira ziganizo chimodzichimodzi. Koma tisanaweruze mlanduwu, nkwabwino kuti tiyambe taifunsa mbiri: kodi njira imene timaitcha yakaleyi njakaledi? Tikaunika bwino zaka zambirimbiri zimene Mpingo wakhala ukuphunzitsa Chilatini kwa anthu amene sadabadwe nacho, tipeza kuti njira yakale kopambana ndi ina. Ndiyo yomupatsa wophunzira mau ambiri oti amve ndi kuŵerenga, mau amene tanthauzo lake angathe kulitola, kenaka nkumuwonetsa malamulo a zimene wayamba kale kuzimva.

Umboni wa Augustinus Woyera

Mboni yoyamba ndi mwana wa mu Africa. Augustinus adabadwa chaka cha 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero timalitcha Algeria. M'gawo loyamba la buku lake lotchedwa Confessiones, limene adalemba pafupi ndi chaka cha 400, akusimba za zilankhulo ziŵiri. Chilatini adachitola ali khanda, kwa alezi ake ndi kwa anthu amene ankaseka ndi kuseŵera naye, popanda mantha kapena mkwapulo. Akufotokoza kuti ankapenyetsetsa akuluakulu akamatchula dzina la chinthu nkumayenda kulunjika pa chinthucho, ndipo pomva liwu lomwelo nthaŵi zambiri m'ziganizo zosiyanasiyana, adazindikira pang'onopang'ono chimene liwulo likuimira. Chigiriki ndiye adachiphunzira kusukulu, moopsezedwa ndi zilango, ndipo adadana nacho, kotero kuti nthano za Homer zimene ana a Agiriki ankakondwa nazo, kwa iyeyo zidasanduka ndulu. Iye mwini adagamula kuti chidwi chochokera mumtima chili ndi mphamvu pophunzira chilankhulo kuposa kukakamiza kwa mantha.

M'kabuku kena, De Magistro, kamene ndi kukambirana kwa iye ndi mwana wake Adeodatus, Augustinus adaifikitsa nkhaniyi pa muzu wake. Liwu ndi chizindikiro chabe. Munthu akamva liwu koma osadziŵa chinthu chimene liwulo likuloza, wangomva phokoso. Chinthucho chikadziŵika, pamenepo liwu limapeza pokhala. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti mbiri yonse imene ikutsatayi ikuzungulira pa iyo.

Tisaiŵalenso kuti mabuku otchuka a galamala a nthaŵi imeneyo, monga Ars Minor ya Donatus, mphunzitsi wa Jerome Woyera, adalembedwera ana amene ankalankhula kale Chilatini pakhomo. Ntchito ya galamala inali yowongola ndi kulongosola chilankhulo chimene mwanayo anali nacho kale m'khutu.

M'nyumba za amonke

Uthenga Wabwino utafika kwa Aireland, kwa Angerezi ndi kwa mitundu ya ku Germany, Mpingo udakumana ndi vuto latsopano, la kuphunzitsa Chilatini kwa ana amene amai ao sankachidziŵa. Mnyamata woperekedwa ku nyumba ya amonke ankamira m'chilankhulocho usana ndi usiku. Malamulo a Benedict Woyera amati masalimo onse 150 aziimbidwa pa mlungu uliwonse. Kuwonjeza apo panali Misa, ndi mabuku oŵerengedwa mokweza pa nthaŵi ya chakudya. Komabe aphunzitsi anzeru adaona kuti kumva kokha sikukwanira, chifukwa mwana angathe kuloŵeza salimo lonse ngati chinkhwe, tanthauzo osalidziŵa. Nchifukwa chake adayamba kulemba timakambirano tofeŵa tokamba za moyo wa tsiku ndi tsiku. Pafupi ndi chaka cha 1000, mmonke wa ku England dzina lake Ælfric adalembera anyamata ake makambirano otere: mphunzitsi akufunsa mlimi, mbusa wa nkhosa, msodzi, mlenje ndi wophika za ntchito zao, iwo nkumayankha m'Chilatini. Mwanayo ankaidziŵa kale ntchito ya mbusa ndi ya msodzi, tsono mau atsopano ankapeza pogwira.

Erasmus, Montaigne ndi ansembe a chipani cha Jesuit

Mwambo wa makambiranowu udakula kwambiri m'zaka za m'ma 1500. Colloquia ya Erasmus idasindikizidwa koyamba mu 1518, ndipo mwiniwake adapitiriza kuionjezera mpaka 1533. Imayamba ndi malonje ndi mafunso a pakhomo, nkumakwera pang'onopang'ono mpaka nkhani zozama. Chitsanzo chodabwitsa koposa ndi cha Michel de Montaigne, wobadwa mu 1533 ku France. Bambo wake adamlembera mphunzitsi wa ku Germany wosadziŵa Chifalansa, nalamula kuti onse a pabanjapo, ngakhale antchito, azimulankhula mwanayo Chilatini chokhachokha. Pofika zaka zisanu ndi chimodzi, mwanayo ankalankhula Chilatini chosalala, popanda buku kapena lamulo la galamala. Koma iye yemwe akutiwuza kuti atamtumiza ku sukulu ya Guyenne mumzinda wa Bordeaux, Chilatini chakecho chidayamba kuwonongeka, ndipo pambuyo pake, posoŵa ochilankhula naye, adaleka kuchilankhula. Apa tiphunzirapo ziŵiri: chilankhulo chimaloŵera kukhutu, ndipo khutu likaleka kudyetsedwa chimafota.

Msonkhano wa ku Trent utalamula mu 1563 kuti madayosizi akhazikitse maseminale, sukulu zimene ambiri adatengerako chitsanzo zinali za chipani cha Jesuit. Dongosolo lao la maphunziro, Ratio Studiorum, lidatuluka mu 1599. Tisaname, galamala inalimo yambiri, ndipo buku la Manuel Álvares la mu 1572 linkaloŵezedwa ndithu. Koma galamalayo inkasambira m'nyanja ya Chilatini chamoyo. Tsiku ndi tsiku mphunzitsi ankaŵerenga mokweza ndime ya Cicero kapena ya wolemba wina, nkufotokoza mutu wake mwachidule, kenaka nkubwereza chiganizo chilichonse m'mau ofeŵerapo mpaka ana atamva. Lamulo linali lakuti m'kalasi muzilankhulidwa Chilatini, kupatula m'makalasi a ana ongoyamba kumene, ndipo ophunzira ankachita maseŵero ndi mitsutso m'chilankhulo chomwecho.

Wansembe wina wa chipanichi, William Bathe wa ku Ireland, adatulutsa ku Salamanca mu 1611 buku lotchedwa Janua Linguarum, ndiye kuti khomo la zilankhulo. M'malo mwa mndandanda wa mau oti aloŵezedwe paokhapaokha, adalemba ziganizo pafupifupi 1,200 zonyamula mau ofunika kwambiri, kuti liwu lililonse lipezeke lili pa ntchito pakati pa anzake. Ena mwa anthu amene ankaŵaganizira polemba bukuli anali amishoni opita ku maiko akutali. Jan Amos Comenius, mtsogoleri wa mpingo wa Abale a ku Moravia, adatengera nzeru imeneyi m'buku lake la mu 1631, ndipo mu 1658 adasindikiza ku Nuremberg buku la zithunzi lotchedwa Orbis Sensualium Pictus. Lili ndi mitu 150. Mutu uliwonse uli ndi chithunzi chokhala ndi manambala, ndipo nambala iliyonse ikulumikiza chinthu cha pachithunzipo ndi liwu lake m'chiganizo. Imeneyi ndi mfundo ija ya Augustinus itaikidwa pa pepala: chinthu chiyambe chaoneka, dzina litsate.

Kumene njira ya galamala ndi kumasulira idachokera

Nanga njira ija timaitcha yakale idabadwa liti? Idabadwa pamene Chilatini chidayamba kuzilala pakamwa pa anthu ophunzira. Mu 1687 Christian Thomasius adalengeza kuti adzaphunzitsa m'Chijeremani pa yunivesite ya Leipzig, chinthu chimene ambiri adachiwona ngati mwano. M'zaka zotsatira, mayunivesite ambiri adatsata. Ana atasiya kuchimva Chilatini m'makhonde a sukulu, aphunzitsi adafunafuna chifukwa china chochiphunzitsira, ndipo adati galamala yake imanola nzeru monga mwala unola mpeni. Kuyambira pamenepo, chimene kale chinali chida chothandizira kuŵerenga chidasanduka cholinga.

Mu 1783 Johann Meidinger adatulutsa buku lophunzitsira Chifalansa kwa Ajeremani, loyalidwa motere: lamulo, mndandanda wa mau, kenaka ziganizo zosagwirizana zoti zimasuliridwe. M'zaka za m'ma 1800 sukulu za ku Prussia zidaikonda njirayi, mabuku a Karl Ploetz nkuifalitsa ponseponse. Idakondedwa pa zifukwa zomveka. Mphunzitsi sankafunika kudziŵa kulankhula chilankhulo chimene ankaphunzitsacho. Kalasi ya ana ambiri inkakhala chete. Ndipo mayeso ake anali osavuta kuchonga. Njira imeneyi ndiyo idawoloka nyanja pamodzi ndi sukulu za Azungu nkufika kuno kwathu. Tsono zaka zake zangopitirira pang'ono mazana aŵiri, pamene Mpingo waphunzitsa Chilatini kwa alendo zaka zoposa chikwi chimodzi.

Kubwerera ku khutu

Amene adaitsutsa njirayi poyamba anali anthu amene idaŵagwiritsa mwala. François Gouin, mphunzitsi wa Chilatini wa ku France, adapita ku Hamburg kukaphunzira Chijeremani. Adadzitsekera m'chipinda naloŵeza buku la galamala pamodzi ndi aneni osatsata malamulo okwana 248, koma atapita kukamvera maphunziro sadatolepo kanthu. Adaloŵeza mizu ya mau, adamasulira mabuku, potsiriza adaloŵeza dikishonale, mpaka maso adamudwala. Koma khutu lidakhalabe logontha. Atabwerera kwao adapeza kuti kamphwake ka zaka ngati zitatu, kamene adakasiya kasanadziŵe kulankhula, kakubwebweta Chifalansa. Tsiku lina kamwanako adapita nako kuchigayo, ndipo Gouin adaona m'mene kankabwerezera zonse zimene kadaona, uku kakuchita uku kakutchula. Buku lake la mu 1880 lidamangidwa pa zimenezi: mphunzitsi azichita kanthu pamaso pa ana, monga kupita kuchitseko ndi kuchitsekula, nkumanena sitepe iliyonse m'chilankhulo chatsopanocho.

Mu 1882 Wilhelm Viëtor adalemba kabuku kodzudzula sukulu za ku Germany, kunena kuti kaphunzitsidwe ka zilankhulo kayenera kutembenuka. Ku America, Maximilian Berlitz anali atatsekula kale sukulu yake ku Providence mu 1878, kumene chilankhulo cha wophunzira chinali choletsedwa m'kalasi. Chilatini nachonso chidapindula. W. H. D. Rouse, amene anali mkulu wa Perse School ku Cambridge kuyambira 1902 mpaka 1928, ankaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki pozilankhula. Ndipo mu 1955, ku Copenhagen, Hans Ørberg adayamba kutulutsa buku limene lero limadziŵika kuti Lingua Latina per se illustrata. M'bukuli mulibe liwu la chilankhulo china. Limayamba ndi mapu a ufumu wa Aroma ndi tiziganizo tapafupi, kenaka nkusimba nkhani ya banja lina la Chiroma m'mitu 35. Liwu latsopano lililonse limamveka chifukwa cha chithunzi, kapena mau a m'mphepete, kapena ziganizo zoyandikana nalo, ndipo malamulo a galamala amabwera pa mapeto a mutu, wophunzira ataŵaona kale akugwira ntchito.

Amishoni amene adabwera kuno adaidziŵa nzeru yomweyi kudzera m'njira ina. Kadinala Lavigerie, amene adayambitsa chipani cha White Fathers mu 1868, adalangiza ansembe ake kuti asamadalire omasulira, ndipo kuti pakangopita miyezi isanu ndi umodzi chifikire pamalo, azilankhulana okhaokha m'chilankhulo cha eni dziko. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, sukulu yao yaikulu inali bwalo la mudzi, munda ndi maliro. Mabuku a galamala ndi madikishonale amene amishoni adalemba adatuluka m'zimene makutu ao anali atamva kale.

Krashen ndi oyesa mfundo zake

Amene adaiyala nzeru yakaleyi m'mau a akatswiri a makono ndi Stephen Krashen wa ku yunivesite ya Southern California, makamaka m'buku lake la mu 1982 ndi m'lina limene adalemba ndi Tracy Terrell mu 1983. Iye adasiyanitsa zinthu ziŵiri: kutola chilankhulo mosazindikira, monga amachitira mwana, ndi kuphunzira malamulo ake mozindikira. Adati chimene chimatulutsa mau pakamwa ndi choyambacho, pamene chachiŵiricho chili ngati mlonda woima pakhomo, wokonza zolakwa ngati nthaŵi ilipo. Adatinso munthu amatola chilankhulo akamamvetsa uthenga umene wapitirira pang'ono pokha pamlingo umene iye wafika. Mau akafeŵetsa sapatsa chatsopano. Akalimbitsa amasanduka phokoso. Potsiriza adati mantha ndi manyazi zimatseka khomo, kotero kuti ngakhale mau omveka saloŵa. Woŵerenga Confessiones sangadabwe ndi mfundo zimenezi.

Umboni wina wochirikiza udachokera ku zilumba za Fiji, kumene Warwick Elley ndi Francis Mangubhai adapereka mabuku a nthano a Chingerezi okwana 250 m'makalasi a sukulu zisanu ndi zitatu za kumidzi. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa mu 1983, zidaonetsa kuti patapita miyezi isanu ndi itatu, ana oŵerenga nthanowo adapita patsogolo pa kuŵerenga ndi kumva moŵirikiza kaŵiri kuposa mwa masiku onse.

Komabe mbiri ikutichenjeza kuti tisathamangire mbali imodzi. Mu 1965, ku St. Lambert pafupi ndi Montreal, makolo olankhula Chingerezi adapempha kuti ana ao aziphunzira maphunziro onse m'Chifalansa. Njirayi idafalikira m'dziko la Canada, ndipo anawo adafika pomva Chifalansa pafupifupi ngati eni ake. Koma Merrill Swain adaonetsa mu 1985 kuti polankhula ndi polemba ankalakwitsabe malamulo ena, ngakhale adamva chilankhulocho zaka zambiri. Iye adati wophunzira ayeneranso kukankhidwa kuti alankhule ndi kulemba, pakuti poyesa kunena ndi pamene amazindikira chimene chikumusoŵa. Akatswiri ena adatsutsanso Krashen pa kulekanitsa kotheratu kutola ndi kuphunzira. Koma ngakhale otsutsawo amavomereza kuti popanda kumva ndi kuŵerenga zambiri zomveka, chilankhulo sichimera. Mkangano wao ngwa ndiwo. Za nsima onse agwirizana.

Zimene mbiriyi ikutiwuza

Pa 22 February 1962 Papa John XXIII adasaina chikalata cha Veterum Sapientia, cholamula kuti maphunziro aakulu a m'maseminale aziperekedwa m'Chilatini. Sichidatsatidwe kwenikweni. Chimodzi mwa zifukwa zake nchakuti lamulo silingabweze khutu limene sukulu zidaleka kulidyetsa. Msonkhano Wachiŵiri wa Vatican, m'chikalata cha Optatam Totius cha mu 1965, udapempha kuti aseminale adziŵe Chilatini chokwanira kumvetsa ndi kugwiritsa ntchito magwero a maphunziro oyera ndi zikalata za Mpingo, ndipo lamulo 249 la Malamulo a Mpingo a mu 1983 likufuna kuti achidziŵe bwino, pamodzi ndi zilankhulo zina zofunika pa maphunziro ao ndi pa ubusa. Tiwonetsetse kuti cholinga chotchulidwacho ndi kumvetsa. Mseminale amene angathe kutchula mizere yonse ya mneni koma osatha kuŵerenga ndime ya Thomas Aquinas Woyera, lamulolo sanalikwaniritse.

Kwa ife kuno vutoli nloŵirikiza. Mnyamata wathu amafika kuseminale ali ndi zilankhulo ziŵiri kapena zitatu zimene adazitola pabwalo, kudambo ndi kumsika, popanda buku. Kenaka timamuphunzitsa Chilatini kudzera m'Chingerezi, ndiye kuti chilankhulo chachilendo kuchifotokoza ndi chinzake chachilendo, pogwiritsa mau a galamala amene ndi achilendo koposa. Akalephera timati alibe mutu wa zilankhulo, pamene moyo wake wonse ukuchitira umboni kuti ali nawo.

Tsono mbiri ikupereka malangizo anai kwa mphunzitsi. Choyamba, gawo lalikulu la nthaŵi ya kalasi likhale la kumva ndi kuŵerenga chilankhulocho, osati la kukamba za icho. Chachiŵiri, zimene ana akumvazo zikhale zomveka, pogwiritsa zithunzi, manja, nkhani zimene akuzidziŵa kale monga mafanizo a mu Uthenga Wabwino, ngakhalenso liwu limodzi la Chicheŵa pamene lingafupikitse ulendo. Chachitatu, makwerero akhale aafupi, mau atsopano oŵerengeka ndi obwerezedwa kambiri. Paja tsokonombwe adatha mtunda nkudumpha. Chachinai, galamala isatayidwe, koma ibwerere pa malo amene Donatus adaipatsa, pambuyo pa kumva, ndipo ana apatsidwe mpata wolankhula ndi kulemba popanda kuŵaseka akalakwa.

Njira imeneyi njolemera kwa mphunzitsi kuposa kwa wophunzira, pakuti imafuna kuti iye mwini azichilankhula chilankhulocho ndi kukonzekera phunziro lililonse. Imafunanso kuti mayeso asinthe, chifukwa ana amaphunzira chimene akudziŵa kuti adzafunsidwa. Oyang'anira maseminale athu akafuna kudziŵa ngati zaka zinai za Chilatini zabala zipatso, ampatse mnyamata tsamba limene sadaliwonepo, ampatse mphindi khumi, kenaka amufunse kuti tsambalo likunena chiyani.